Dzenje lobisala pansi pa mlatho, ndi ulusi wa galasi woliyeza

Tikamva kuti mlatho wagwa, ambirife timathamangira kunena kuti omanga anaba simenti, kapena kuti malole olemera ndiwo authyola. Zoterozo zimachitika ndithu. Koma mainjiniya a ku America atawerengetsa milatho imene inagwa m'dziko lawo pa zaka zambiri, anapeza kuti yoposa theka inagwetsedwa ndi madzi, ndipo kawirikawiri madziwo sanachite kuikankha milathoyo ayi. Anangofukula dothi limene inapondapo. Konkire ili bwinobwino, zitsulo zili bwinobwino, koma chipilala chatsala lende, pansi pake pali phanga.

Wina anganene kuti imeneyi si nkhani ya kuno ku Joni, mzinda wopanda mtsinje waukulu. N'zoona, Johannesburg ali pa chitunda cha Witwatersrand, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo madzi amagawikana pomwepa. Ogwa kumpoto amatsika ndi mtsinje wa Jukskei kukalowa mumtsinje wa Crocodile, kudutsa pa damu la Hartbeespoort, mpaka ku Limpopo amene timawoloka pa Beitbridge popita kumudzi. Ogwa kummwera amatsata Klip kudzera ku Soweto kukathira mu Vaal. M'mwezi wa Julaye, malo ena a Jukskei munthu akhoza kuwoloka atangopinda buluku. Koma amene anakhalako ku Alexandra kapena ku Diepsloot nthawi ya mvula sangaderere timitsinje timeneti. Mzinda uno paliponse ndi phula, malata ndi konkire, madzi alibe polowera pansi, ndiye mvula ya mabingu ikagwa masana, onse amathamangira kumtsinje nthawi imodzi. Mu Novembala 2016 magalimoto anayandama pa msewu wa N3 cha ku Linksfield. Mu Disembala 2022 Jukskei anakokolola anthu oposa khumi amene anali pa mapemphero mumtsinjemo. Madzi a kuno amabwera msanga, amapitanso msanga, ndipo zimene achita pansi pa mlatho amapita atazikwirira.

Mukaima pagombe madzi atakwera n'kuyang'anitsitsa chipilala cha mlatho, mudzaona kuti kutsogolo kwake madzi amatukumuka pang'ono, ndipo kumbuyo kwake amazungulira, thovu ndi mabotolo zikungovina pamodzimodzi. Zimenezo n'zapamwamba chabe. Madzi amene agunda chipilala alibe podutsa, ndiye ena amalowera pansi motsata konkire kukamenya mchenga wa patsinde penipeni. Akamenya amapindika n'kuyamba kuzungulira mwamphamvu, kuzungulirako n'kukulunga chipilala mbali zonse ziwiri. Amanyamula mchenga, kenako timiyala, kenako miyala, n'kukazitaya kumunsi. Dzenje limayambira kutsogolo, kumene madzi akuchokera. Powerengera, mainjiniya amayembekezera kuti m'mchenga dzenjeli likhoza kuzama kuwirikiza kawiri kunenepa kwa chipilala, mwinanso kupitirirapo pang'ono. Chipilala cha mita imodzi ndi theka, ndiye kuti dzenje la mamita atatu.

Ndipo chipilalacho sichikhala chokha. Aliyense amene anaona Jukskei mvula itangogwa akudziwa katundu amene amabwera naye: matayala, matiresi, nthambi za mitengo, mapulasitiki osawerengeka. Zikakodwa pachipilala, kwa madzi ndiye kuti chipilalacho chanenepa, dzenje nalo likula.

Madzi amadyanso mlatho m'njira zina ziwiri. Mlatho wautali ndi ndalama, choncho omanga amakonda kuthira dothi mbali zonse ziwiri kuti msewu uyandikire mtsinje, mlatho ufupike. Madzi akasefukira amapanikizana pampata wochepawo, liwiro n'kukwera, pansi ponse n'kutsika, ndipo makoma a m'mphepete amene mlatho wagonerapo amadyekera kumbuyo. Timilatho tating'ono ndi makalavati nthawi zambiri timafa imfa imeneyi: konkire imatsala chiimire pakati pa mtsinje, msewu mbali inayo kulibe. Njira inayo ndi ya zaka, mtsinje wonse kumatsika pang'onopang'ono chifukwa chokumba mchenga, kapena chifukwa damu la kumtunda latsekereza mchenga umene unkabwera kudzabwezeretsa wopitawo. Ku Portugal, mlatho wa Hintze Ribeiro pa mtsinje wa Douro unagwa usiku wa pa 4 Malichi 2001, basi ndi magalimoto atatu n'kugwera m'madzi, anthu 59 n'kumwalira. Mumtsinjemo anthu anali atakumba mchenga kwa zaka zambiri. Amene munaona malole akutapa mchenga pafupi ndi milatho kwathu ku Malawi mukudziwa chimene ndatchulira zimenezi.

Chovuta kwambiri pa nkhani yonseyi ndi ichi. Dzenje limafika pozama penipeni madzi ali pachimake, nthawi imene palibe munthu angayandikire. Madzi akayamba kuphwa liwiro limatsika, mchenga umene umayenda nawo umakhazikika, ndipo malo oyamba kudzaza ndi dzenje lomwe lija. Woyendera milatho akafika patapita masiku amapeza pansi pali see, ngati sipanachitike kanthu. Komatu mchenga wongothiridwa kumene suli ngati dothi limene linatsindirika kwa zaka mazanamazana. Ndi wofewa, sugwira chipilala, ndipo madzi otsatira amauchotsa m'kanthawi kochepa n'kupitiriza kukumba pamene anzawo analekezera. Kuno ku South Africa milatho imayenderedwa mwatsatanetsatane pa zaka zisanu zilizonse, ndipo kuyenderako kwenikweni n'kwa maso. Maso amaona ming'alu, dzimbiri, konkire yosweka. Dzenje lokwiririka saliona.

Anthu a ku America anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 5 Epulo 1987 mlatho wa pa Schoharie Creek, pa msewu waukulu wa m'chigawo cha New York, unagwa madzi atasefukira, ndipo anthu 10 anamwalira. Zipilala zake zinangokhala pa maziko osazama, opanda mizati yokhomerera pansi, ndipo miyala yoteteza imene inayenera kuzungulira zipilalazo inali itaperewera. Ngozi imeneyi ndiyo inachititsa kuti dzikolo liyambe kuunika milatho yake yonse yodutsa pa madzi.

Njira zoyezera dzenje zilipo kuyambira kale, koma iliyonse ili ndi pofookera pake. Chingwe chomangirira chitsulo cholemera madzi othamanga amachikankhira kumbali. Akatswiri osambira pansi pa madzi amalowa zonse zitatha. Makina a sonar, otumiza phokoso pansi n'kumvera likamabwerera, amasokonezeka m'madzi odzaza matope ndi thovu. Pali mphete ya maginito yovekedwa pa paipi, imene imatsetsereka dzenje likamazama, koma siikweranso likakwiririka. Palinso tizipangizo tokwirira m'mchenga, timene timayandama n'kutumiza uthenga tikafukulidwa, kamodzi kokha basi, ngati batire lake silinafere pansipo.

Apa ndi pamene faiba imalowera. Abale athu ambiri kuno anagwirako ganyu yokumba ngalande za faiba ya intaneti, ndipo timapaipi tapulasitiki timene imadutsamo amatidziwa bwino. Mkati mwenimwenimo muli ulusi wa galasi, woonda moti timaulusi 8 mutatindandalika pamodzi ndiye tikwane milimita imodzi. Kuwala kumayenda pakatikati pa ulusiwo, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Mkulu wina amene wakumba ngalande zimenezi kwa nthawi yaitali, nditawafotokozera nkhaniyi anandifunsa kuti, "Achimwene, ulusi umenewu magetsi mulibe, maso ulibe. Ndiye udziwa bwanji kuti mchenga wachoka?" Funso labwino. Ulusiwo za mchenga sudziwa kalikonse. Umangomva zinthu ziwiri, kukokeka ndi kutentha, ndipo luso lonse lagona pa kuukhazika mwanjira yoti mchenga ukachoka, chimodzi mwa ziwirizi chisinthe.

Ulusi womva kusintha chonchi amautcha sensa. Mtundu woyamba wa masensa amenewa umatchedwa FBG, chidule cha fiber Bragg grating, ndipo unayambira ku Canada mu 1978 ndi Ken Hill ndi anzake. Pogwiritsa ntchito leza, kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, amalemba timizere masauzande ambiri mkati mwa galasi, pa kachigawo ka sentimita imodzi kapena kuchepera apo. Kuwala kwa mitundu yambiri kukatumizidwa mu ulusi, timizereti timabweza mtundu umodzi wokha, ina yonse n'kudutsa. Mtundu umene ubwerere umadalira mpata wa pakati pa timizereto. Ulusi ukakokeka mpata umakula, mtundu wobwerera n'kusintha pang'ono. Kabokosi kokhala kumtunda, kamene amati interrogator, kamawerenga kusinthako kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo kabwino kamazindikira ngakhale chitsulo cha mita imodzi chitangotalika ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Poti kachigawo kalikonse kangalembedwe kuti kazibweza mtundu wakewake, ulusi umodzi umanyamula masensa khumi kapena kuposerapo, ndipo kabokosi kamadziwa amene walankhula.

Kuti zimenezi ziyeze dzenje, amamata ulusi pa ndodo yachitsulo yaitali n'kuizika mumtsinje pafupi ndi chipilala, mutu wake wokha n'kutsala m'madzi. Madzi akamadutsa, ndodoyo imanjenjemera. Amene anaimbako sansi akudziwa kuti dzino lalifupi limalira mawu aang'ono, lalitali limalira besi. Ndodo nayo n'chimodzimodzi. Ikakhala yokwiririka pafupifupi yonse, kagawo kapamwambako kamanjenjemera mofulumira. Mchenga ukamachoka, gawo loonekera limatalika, kunjenjemera kumayamba kuchedwa, ndipo kusinthako si kwapang'ono: mwa masamu, gawo loonekera likatalika kawiri, liwiro la kunjenjemera limatsika kanayi. Dzenje likakwiririka mawu amakweranso. Injiniya ali mu ofesi amaona nkhani yonse, ola limene dzenje linayamba, pamene linalekezera, ndi nthawi imene linadzibisa.

Ena m'malo mwa ndodo imodzi amaika masensa mondondozana kutsika pansi, mwachitsanzo pa theka la mita lililonse, aliyense pa kachitsulo kopyapyala. Amene ali m'mchenga amakhala duu. Akangovundukuka, madzi amayamba kumugwedeza, ndipo kuwala kwake kumasintha. Ofufuza a ku Taiwan, dziko la mitsinje yolusa ndi anamondwe a chaka ndi chaka, anayesa masensa a FBG pa milatho yeniyeni m'zaka za m'ma 2000, madzi ali osefukira.

Mtundu wachiwiri ndi umene ine umandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa sufuna kulemba kanthu mu ulusi. Ulusi wamba womwewo, wonse kuyambira kumutu mpaka kumapeto, ndiwo sensa. Kuwala kukamayenda m'galasi, kagawo kochepetsetsa kamabalalika n'kubwerera m'mbuyo paliponse pamene kwadutsa. Mwa kobwererako muli kena kamene mphamvu yake imasintha malinga ndi kutentha kwa galasi pamalopo. Kabalalikidwe kameneka anakatulukira ndi C.V. Raman wa ku India mu 1928, ndipo analandira nako mphoto ya Nobel mu 1930. Kabokosi kamang'animitsa kuwala kamodzi n'kuwerenga nthawi imene kobwerera katenga kuti kafike. Popeza liwiro la kuwala likudziwika, nthawiyo imanena mtunda. Mapeto ake, ulusi wa makilomita angapo umakuuzani kutentha kwa mita iliyonse.

Mita ndi yaikulu poyeza dzenje, ndiye amakulunga ulusi pa paipi mothinana kuti mita imodzi ya ulusi ingotenga masentimita ochepa kutsika pansi, paipiyo n'kuizika mumtsinje. Madzi amafunda masana, amazizira usiku, ndipo mvula ya matalala ikagwa amazizira mwadzidzidzi. Mchenga wa pansi umatsatira mochedwa, ukamapita pansi kwambiri sulabadira n'komwe. Pa kompyuta malire a ziwirizi amaoneka bwinobwino. Nanga tsiku limene madzi ndi mchenga zikufanana kutentha? Pamenepo amaphatikiza waya wotenthetsa m'chingwe chomwecho. Akauyatsa kwa mphindi zingapo, gawo limene lili m'madzi othamanga silitentha kwenikweni, poti madzi amapita nako kutenthako, pamene gawo la m'mchenga limatentha. Pamene ziwirizi zasiyanirana ndi pamene pali pansi pa mtsinje nthawi imeneyo.

Palinso njira ina yotchedwa Brillouin, yowerenganso kuwala kobwerera, koma yomva kukokeka pa ulusi wonse. Imeneyi imayenera kumatidwa pa mlatho weniweniwo, kuti ione ngati wayamba kupindika chifukwa chipilala china chikutitimira.

Ubwino wa galasi kuno ndi woonekeratu. Siligwira dzimbiri. M'madzi simulowa magetsi, kupatula waya wotenthetsa uja ngati aikamo. Kuno ku Highveld, dera lokwera limene Joni alipo, mphenzi ndi zambiri, ndipo zimabwera nthawi yomwe ija madzi akukwera, pamene masensa a magetsi akufunika kwambiri koma ali pangozi yopsa. Ulusi wa galasi mphenzi siziusokoneza. Kabokosi kakhoza kukhala makilomita angapo kuchokera pamtsinje, m'nyumba yokiyidwa. Mulibenso kopa woti munthu akagulitse, kungoti wakuba amazindikira zimenezi atadula kale.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala a zonse. Ulusi pawokha ndi wotsika mtengo, interrogator ndiyo yodula, ndipo imafuna magetsi osazimazima, nkhani imene a kuno ndi a kwathu tonse tikuidziwa. Ndiye pafunika sola ndi mabatire, nazonso zifuna mlonda. FBG imamva kukokeka ndi kutentha nthawi imodzi osasiyanitsa, choncho pamafunika sensa wina pambali, wosamatidwa pa chitsulo, woti azingoyeza kutentha kuti akuchotsere pa chiwerengero. Kuzika ndodo mumtsinje wa miyala kumafuna makina oboolera. Ndodo imayeza pamene yaima pokha, ndiye mtsinje ukasintha njira n'kuyamba kumenya chipilala cham'mbali, dzenje lalikulu likhala kwina sensa akunena kuti zonse zili bwino. Matiresi okodwa pa ndodo amasintha kanjenjemeredwe kake, ndipo chimtengo chimodzi chikhoza kuithyola usiku womwe ikufunika. Njira zambiri mwa izi zayesedwa kwambiri m'malabotale kuposa m'mitsinje yeniyeni, ndipo madzi a m'labotale sabwera ndi matayala.

N'chifukwa chake sindiona nzeru yoika faiba pa mlatho uliwonse. Milatho yambiri ya pa misewu ya N1, N3 ndi M1 kuno ku Joni imadutsa pamwamba pa misewu ina kapena njanji, mtsinje suikhudza, ndipo ina maziko ake ali pa thanthwe. Yoyenera ndi yakale imene mapulani ake anasowa moti palibe akudziwa kuti maziko ake anazama bwanji, yomangidwa m'mchenga, ndi imene ikawonongeka anthu alibe njira ina yopitira kuntchito kapena kuchipatala. Tisaiwalenso kuti sensa saletsa dzenje. Zoletsa dzenje ndi miyala ikuluikulu yozungulira chipilala, madengu a waya odzaza miyala m'mphepete, ndi kuchotsa zinyalala mvula isanayambe. Pamene zikuoneka kale kuti maziko ali pamtunda, ndalama zipite ku miyala. Faiba ndi ya mlatho umene mukuukayikira koma simungathe kuumanganso chaka chino.

Kwathu milatho yotereyi ndi yambiri. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Napolo akatsika m'phiri ndi zimiyala, monga anachitira ku Phalombe mu 1991, palibe ulusi ungapulumuke, ndipo palibe chenjezo lingapulumutse mlatho. Koma mitsinje ya mchenga ya ku Chigwa cha Shire ndi ya m'mphepete mwa nyanja imadya milatho pang'onopang'ono, dzinja ndi dzinja, ndipo kumeneko kuyeza kungathandize a Roads Authority kudziwa mlatho woyamba kuuthirira miyala ndalama zikakhala zochepa. Vuto silingakhale kuika zipangizo. Lingakhale kupeza woti azisamalira projekiti ikatha, alendo obwera nazo atapita.

Chiwerengero chikafika pa kompyuta, ntchito imakhala isanathe. Injiniya amayenera kuwerengeratu malire awiri malinga ndi kuzama kwa maziko. Dzenje likafika pa oyamba, uthenga upite pafoni, munthu akaone. Likafika pa achiwiri, mlatho utsekedwe, popanda kudikira msonkhano. Pa mitsinje ikuluikulu madzi amakwera kwa masiku, anthu amakhala ndi mpata wokambirana. Jukskei sapereka mpata umenewo. Ndiye ziyenera kudziwika mvula isanagwe kuti foni yolandira uthenga usiku wa Loweruka ndi ya ndani, wa SANRAL (bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya dziko lino), wa boma la chigawo cha Gauteng kapena wa Johannesburg Roads Agency, poti misewu ya mumzinda uno eni ake ndi osiyanasiyana. Zidziwikenso kuti ndani ali ndi mphamvu zoitana apolisi a mzinda, a JMPD, kuti atseke msewu, ndi kuti mataxi a ku Alexandra adzera kuti m'mawa mwake.

Ngati alamu alira pachabe kawiri katatu chifukwa cha matiresi, anthu amasiya kumulabadira, choncho ndi bwino kuti mlatho umodzi ukhale ndi zoyezera zosiyana, monga ndodo ya faiba, choyezera kukwera kwa madzi ndi choyezera kupendekeka kwa chipilala, kuti zizitsimikizirana. Kutsegulanso mlatho nako kuli ndi lamulo lake. Madzi ataphwa, oyendetsa galimoto amakhala akulalata kuti msewu watsekedwa pachabe, poti pansi pakuoneka bwino. Injiniya ayenera kubwerera ku chiwerengero cha usiku uja, aone pamene dzenje linafika, ayerekeze ndi pamene maziko analekezera. Ngati linafika pansi pa maziko, mlatho ukhalebe wotseka mpaka atafukula mchenga wofewawo n'kuthirapo konkire kapena miyala.